Émile Baudot: mwana wa mlimi amene adaphunzitsa waya kusenza katundu

Mwa anthu amene amatumizirana zithunzi, nyimbo ndi mauthenga pa intaneti tsiku lililonse, ndi ochepa amene adamvapo dzina loti Émile Baudot. Komatu akatswiri a matelefoni ndi makompyuta padziko lonse amatchula dzina la mkuluyu kawirikawiri, ena osadziwa n'komwe kuti akutchula munthu.

Akatswiriwa akamayeza kuti waya akutumiza zizindikiro zingati pa sekondi imodzi, muyeso wake amautcha baud. Liwu limeneli adachita kulidula ku dzina la Baudot, mwana wa mlimi wa ku France amene sukulu adalekezera ku pulayimale, koma adapanga makina amene adasintha katumizidwe ka mauthenga m'maiko ambiri.

Nkhani ya liwiro la intaneti, kuyambira pa timakina takale tolira ngati nkhululu tija mpaka nthambo za masiku ano, idayambira pa zala zisanu za bambo ameneyu.

Kuchoka kumunda

Jean-Maurice-Émile Baudot adabadwa pa 11 Sepitembala 1845 m'mudzi wa Magneux, m'chigawo cha Haute-Marne, chakum'mawa kwa dziko la France. Bambo ake adali mlimi ndipo pambuyo pake adadzakhala meya wa mudziwo.

Maphunziro onse a m'kalasi amene Émile adalandira ndi a pasukulu ya pulayimale ya kwawo. Atachoka pamenepo adayamba kuthandiza bambo ake kumunda, ndipo zinkaoneka kuti moyo wake wonse udzathera m'mizere.

Zinthu zidasintha m'chaka cha 1869 pamene adalembedwa ntchito ngati wophunzira ku nthambi ya boma yoona za telegalafu. Apa n'kuti ali ndi zaka pafupifupi 24.

Nthawi imeneyo telefoni kudalibe, pakuti Alexander Graham Bell adadzatulukira makina ake mu 1876. Uthenga wachangu unkayenda pa telegalafu basi. Wotumiza ankagogoda kabatani, magetsi n'kumadutsa mu waya mwa kamphindi kochepa kapena kotalikirapo, ndipo wolandira kutsidya ankamasulira kugogodako kukhala zilembo. Njira imeneyi ndi ya Samuel Morse wa ku America.

M'dziko muno waya wa telegalafu adafika m'zaka za m'ma 1890, ndipo achikulire ambiri akukumbukabe telegalamu, kapepala ka mawu owerengeka kochokera ku positi ofesi. Kapepalaka kakafika pakhomo mitima inkadumpha, chifukwa nthawi zambiri kankanyamula uthenga wa matenda kapena maliro. Mawu ankachepa dala popeza liwu lililonse linali ndi mtengo wake.

Baudot adaphunzira njira ya Morse, kenaka adachita maphunziro a miyezi inayi a makina a David Edward Hughes. Makina a Hughes adali ndi mabatani onga a piyano ndipo ankasindikiza okha zilembo pa kapepala kopyapyala. Mu 1870 nkhondo idabuka pakati pa France ndi Prussia, ndipo iye adatumikira kunkhondoko kwa kanthawi. Adabwerera pantchito yake mumzinda wa Paris mu 1872.

Waya wongokhala

Vuto lalikulu la telegalafu masiku amenewo lidali mtengo wa mawaya. Kuimika mitengo ndi kukoka waya kuchokera mumzinda wina kukafika mumzinda wina kunkadya ndalama zankhaninkhani, koma waya mmodzi ankanyamula uthenga umodzi pa nthawi. Mauthenga akachuluka ankaunjikana patebulo kudikira mpata.

Baudot adaona chinthu chimene ambiri sankachilabadira. Magetsi amathamanga kwambiri, pamene dzanja la munthu limachedwa. Pakati pa chilembo china ndi chinzake, waya ankangokhala osachita kanthu. Nthawi yambiri ya waya inkapita pachabe, kudikira chala cha munthu.

Mabwana ake adamulimbikitsa kuti afufuze njira yoti anthu angapo azigwiritsa ntchito waya mmodzi, koma adayenera kuchita zimenezi pa nthawi yake yopuma. Iye sadayambire pa thengo. Adatengako nzeru ku makina a Hughes komanso ku ntchito ya katswiri wina, Bernard Meyer, amene adali atayesa kale kugawa waya mmodzi kwa anthu angapo. Paja mutu umodzi susenza denga.

Mu 1874 Baudot adalandira chiphaso cha boma chotsimikiza kuti makina atsopanowo ndi luso lake.

Kagwiridwe ka makinawa n'kosavuta kumva kwa aliyense amene adaonapo amayi atatu akusinja mumtondo umodzi. Aliyense amakhala ndi munsi wake, koma minsiyo siombana chifukwa wina akamatsitsa, mnzake amakhala akukweza. Chimene chimawasunga ndi kuyendera limodzi.

Kwa Baudot, mtondo adali waya. Pamakina ake padali kachitsulo kozungulira ngati muvi wa wotchi, kamene kankapereka waya kwa wotumiza woyamba, kenaka wachiwiri, wachitatu, wachinayi, n'kubwereranso kwa woyamba. Kumbali yolandira kudali kachitsulo kena kozungulira pa liwiro lofanana ndendende, kamene kankapereka chilembo chilichonse kwa mwini wake. Motero anthu anayi, pena mpaka asanu ndi mmodzi, ankatumiza mauthenga awo pa waya mmodzi popanda kusokonezana.

Zala zisanu

Kuti zimenezi zitheke, chilembo chilichonse chinkayenera kutenga nthawi yofanana. Njira ya Morse sikadathandiza, chifukwa kumeneko chilembo cha E ndi kugogoda kamodzi kokha pamene zilembo zina zimafuna kugogoda kanayi.

Atawakonza mobwerezabwereza, makina a Baudot adakhazikika pa mabatani 5. Awiri ankadinidwa ndi zala za kumanzere, atatu ndi zala za kumanja. Batani lililonse linkakhala lodinidwa kapena losadinidwa, ndipo mabatani 5 amatha kusakanizidwa m'njira 32. Popeza njira 32 sizikwanira zilembo ndi manambala omwe, padali chizindikiro chapadera chouza makina olandira kuti zimene zikubwera tsopano ndi manambala, ndi china chowabweza ku zilembo.

Ntchitoyi inkafuna mutu wogwira. Wotumiza ankayenera kuloweza kasakanizidwe ka chilembo chilichonse ndi kudina pa nthawi yake. Makina ankalira pang'ono pomuuza kuti mpata wake wafika, ndipo iye ankatsata kulirako monga wovina amatsatira ng'oma. Munthu wozolowera ankatumiza zilembo 180 pa mphindi, amene ndi mawu pafupifupi 30. Kutsidya, uthenga unkatuluka wosindikizidwa kale m'zilembo zoti aliyense atha kuwerenga.

Kudina kapena kusadina kumeneku ndi kumene makompyuta amagwiritsa ntchito mpaka lero, kungoti iwo amati 1 kapena 0. Kachidutswa kamodzi ka uthenga kotereka kamatchedwa biti. Tikawerengetsa m'chinenero cha lero, wotumiza mmodzi pa makina a Baudot ankatumiza zilembo 3 pa sekondi, chilichonse cha mabiti 5, ndiye kuti mabiti 15 pa sekondi. Anthu anayi pa waya mmodzi ankafika mabiti 60.

Ulemu wambiri, thumba lopepuka

Boma la France lidavomereza makinawa mu 1875, ndipo pa 12 Novembala 1877 adayesedwa pa waya wa pakati pa mizinda ya Paris ndi Bordeaux. Zidayenda. Pambuyo pake adaikidwanso pa waya wochokera ku Paris kukafika ku Rome, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,700, womwe ndi pafupifupi kawiri kutalika kwa dziko la Malawi.

Pachionetsero chachikulu cha maiko onse chimene chidachitikira ku Paris mu 1878, Baudot adapata mendulo yagolide. Chaka chotsatira dziko lake lidamupatsa ulemu wa Légion d'honneur, ndipo mu 1882 adakwezedwa kukhala injiniya woyang'anira. Munthu amene sadaponde ku sekondale adayamba kulangiza anthu a madigiri. Kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa.

Koma ulemu sudyedwa. Thandizo la ndalama lochokera kwa mabwana ake lidali lochepa, moti kafukufuku wambiri ankalipira ndi ndalama za m'thumba mwake. Zidafika poti adagulitsa mendulo yake yagolide ija kuti ntchito ipitirire.

Makinawo adapitirira kufalikira. Mu 1887 adawayesa pa nthambo yodutsa pansi pa nyanja pakati pa England ndi Ireland. Mu 1894 adalumikiza misika ya masheya ya Paris ndi Milan. Dziko la Italy lidayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1887, Britain mu 1897 pa waya wa London ndi Paris, ndipo Germany, Russia, Brazil ndi maiko ena adatsatira.

Kunyumba zinthu sizidamukomere chimodzimodzi. Adakwatira Marie Joséphine Adélaïde Langrognet mu Januwale 1890, koma mkaziyo adamwalira mu Epulo chaka chomwecho, ukwati usadathe ndi miyezi itatu yomwe. Naye Baudot thupi lake silidali lolimba. Chiyambire ntchito ankadwaladwala, ndipo nthawi zina ankajomba kwa masabata angapo.

Adamwalira pa 28 Malichi 1903 ku Sceaux, kufupi ndi Paris, ali ndi zaka 57.

M'zaka za m'ma 1920, bungwe la maiko loona za telegalafu lidagwirizana kuti muyeso wa liwiro la zizindikiro mu waya uzitchedwa baud pomukumbukira. Mu 1949 positi ofesi ya ku France idatulutsa sitampa ya nkhope yake, koma idalakwitsa chaka chobadwa, n'kulemba 1848 m'malo mwa 1845. Adachita kusindikiza ina yokonza.

Kuchoka pa telegalafu kufika pa modemu

Baudot asadamwalire, Donald Murray wa ku New Zealand adali atayamba kale kusintha njira yake. Mu 1901 Murray adachotsa mabatani asanu aja n'kuikapo mabatani a taipi, kuti munthu asamavutike kuloweza. Zilembo za mabiti 5 zidakhalabe, ndipo ndi zimene makina a telex ankagwiritsa ntchito m'mabanki, m'maofesi a boma ndi m'nyumba zofalitsa nkhani kwa zaka zambiri.

Makompyuta atabwera, padafunika njira yoti azitumizirana uthenga. Mawaya amene adali atafika kale m'nyumba ndi m'maofesi adali a telefoni, koma iwowa adapangidwira mawu a munthu. Choncho padapangidwa kamakina kotchedwa modemu, kamene kamasandutsa ma 1 ndi ma 0 kukhala phokoso, kutsidya kanzake n'kubwezera phokosolo kukhala manambala. Kulira ndi kukhuluza kumene anthu ankamva polumikiza intaneti kudali kukambirana kwa mamodemu awiri, kugwirizana za liwiro limene waya angakwanitse.

Modemu ya Bell 101, imene idatuluka ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, inkatumiza mabiti 110 pa sekondi. Ya Bell 103 ya mu 1962 idafika mabiti 300, zimene ndi zilembo pafupifupi 30 pa sekondi. Munthu ankaona mawu akutuluka pa sikirini mzere ndi mzere. Mamodemu ena akale adali ndi timabowo tiwiri ta labala pomwe ankakhazikapo chomvera cha telefoni.

Liwiro lidakwera pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 kudabwera mamodemu a mabiti 1,200, a 2,400 kenaka a 9,600. Mu 1991 adafika 14,400, mu 1994 adafika 28,800, ndipo mu 1996 adafika 33,600. Mu 1998 maiko adagwirizana za modemu ya mabiti 56,000, yotchuka ndi dzina loti 56k. Intaneti itayamba kufika m'maofesi ndi m'nyumba zina m'dziko muno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, idadzera pa mamodemu a mtundu umenewu. Wina akakhala pa intaneti telefoni ya panyumba inkakhala yotsekeka, ndipo bilu inkakwera mphindi ndi mphindi.

Apa ndi pomwe ambiri amasokoneza baud ndi biti. Baud ili ngati maulendo a minibasi, pamene mabiti ndi anthu okwera. Modemu ya Bell 103 inkayenda maulendo 300 pa sekondi itanyamula wokwera mmodzi ulendo uliwonse, choncho ma baud 300 adali mabiti 300. Koma modemu ya mabiti 2,400 inkayenda maulendo 600 okha itanyamula anayi ulendo uliwonse. Ya 9,600 inkayenda maulendo 2,400, nayonso anayianayi. Akatswiri adaona kuti waya wa telefoni salola maulendo ambiri, ndiye adayamba kupanikiza okwera.

Koma kupanikiza kuli ndi malire. Mu 1948 katswiri wa masamu wa ku America, Claude Shannon, adasonyeza kuti njira iliyonse yotumizira uthenga ili ndi mlingo umene singapyole, malinga ndi kukula kwa njirayo ndi phokoso losokoneza limene lilimo. Njira ya telefoni idadulidwa kuti izinyamula mawu a munthu okha, ndipo mamodemu atafika pa 33,600 adali atayandikira mlingo wake. Ya 56k idapyolako chifukwa mbali yaikulu ya matelefoni inali itayamba kale kuyendera manambala, komabe liwirolo lidali la polandira pokha, ndipo pamawaya ambiri silinkafika n'komwe. Pamenepo mamodemu a telefoni adagunda khoma.

Nthambo za lero

Njira ina idayambira ku California mu 1973, pamene Robert Metcalfe ndi anzake ku kampani ya Xerox adapanga Ethernet, njira yolumikizira makompyuta pa nthambo yawoyawo, osadzera pa telefoni. Yoyambirira yeniyeniyo inkanyamula mabiti pafupifupi 3 miliyoni pa sekondi, pamene mamodemu ambiri akadali pa 300.

Mu 1980 Ethernet idafika mabiti 10 miliyoni. Mu 1995 idafika 100 miliyoni, ndipo mu 1999 idafika 1 biliyoni pa nthambo ya kopa, liwiro lotchedwa gigabit. Nthambo za faiba, zimene ndi ulusi wa galasi wonyamula kuwala m'malo mwa magetsi, zidatsegula njira kwambiri: 10 biliyoni mu 2002, 100 biliyoni mu 2010, 400 biliyoni mu 2017 ndi 800 biliyoni mu 2024. Maliwiro akuluakuluwa ndi a m'malo osungiramo makompyuta ambiri ndi a makampani a intaneti. Kudera lino la Africa zinthu zidasintha pamene nthambo za pansi pa nyanja za SEACOM ndi EASSy zidayamba kugwira ntchito mu 2009 ndi 2010 m'gombe la kum'mawa, ndipo dziko la Malawi limalumikizidwa ku nthambo za kunyanja kudzera m'maiko oyandikana nalo.

Manambala otere amavuta kuwaona m'maganizo, koma chithunzi chimodzi cha pafoni chingathandize. Chithunzi cha mamegabaiti 3 chili ndi mabiti 24 miliyoni. Munthu mmodzi pa makina a Baudot akadagogoda masiku 18 ndi theka, usana ndi usiku osapuma, kuti atumize mabiti ochuluka choncho. Modemu ya mabiti 300 ikadatenga maola 22. Ya 14,400 ikadatenga mphindi 28, ndipo ya 56k mphindi 7. Pa nthambo ya gigabit chithunzicho chimadutsa munthu asadaphethire.

Kanema wa gigabaiti imodzi akadafuna maola pafupifupi 40 pa modemu ya 56k. Pa gigabit amafuna masekondi 8. Manambalawa ndi a pomwe zonse zili bwino, pakuti liwiro limene munthu amapeza kunyumba kapena pa kafe limadaliranso kampani yopereka intaneti ndi kuchuluka kwa anthu amene akugawana njirayo.

Chimene chidasintha kwenikweni si kuthamanga kwa magetsi. Ngakhale m'masiku a Baudot chizindikiro chinkachoka ku Paris n'kufika ku Bordeaux m'kanthawi kosakwana sekondi. Chidasintha ndi kuchuluka kwa katundu. Nthambo ya gigabit imanyamula katundu wochuluka maulendo pafupifupi 18,000 kuposa modemu ya 56k. Modemuyo ikakhala njinga yonyamula thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50, gigabit ndi malole 30 a matani 30 iliyonse, onse odzaza, akudutsa pa nthawi yomweyo imene njingayo ikudutsa.

Nzeru yake ikadalipo

Ngakhale makina a Baudot adatsala m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, nzeru ziwiri zimene adazilimbikira zikugwirabe ntchito. Yoyamba ndi yolemba chilembo chilichonse ndi mabiti ofanana kuchuluka. Iye ankagwiritsa ntchito 5, pamene makompyuta a lero amawerenga m'magulu a 8.

Yachiwiri ndi yogawana njira imodzi mosinthana. Pa mafoni a m'manja a GSM, anthu 8 amagawana njira imodzi ya mumlengalenga, aliyense ndi kamphindi kake, ndipo palibe amene amazindikira kuti akudikira mnzake. Nyumba zambiri zolumikizidwa ku ulusi umodzi wa faiba zimatumizanso uthenga mosinthana chimodzimodzi.

Njira ya zilembo za mabiti 5 idathandizanso anthu osamva. Mu 1964 Robert Weitbrecht, katswiri wa ku America amene naye adali wosamva, adapanga modemu yolumikiza makina olembera ku telefoni, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu osamva adayamba kuimbirana lamya pochita kulemba.

Nthambo wamba ya gigabit, yonga imene imalowa kumbuyo kwa kompyuta mu ofesi, ili ndi mawaya 8 opotedwa awiriawiri. Gulu lililonse la awiri limatumiza zizindikiro 125 miliyoni pa sekondi, chilichonse chitanyamula mabiti awiri, ndipo magulu anayiwo akaphatikizana amakwana 1 biliyoni. M'mabuku a akatswiri liwiro limeneli limalembedwa kuti ma baud 125 miliyoni. Papita zaka zoposa 120 chimwalirire mwana wa mlimi wa ku Magneux uja, amene adagulitsa mendulo yake kuti amalize ntchito, koma mawaya a dziko lonse akuyezedwabe ndi dzina lake.